Makatani oyenda ndi mota utha kupanga wekha

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga amene amaganiza kuti makatani otseguka okha mpaka ugule okonzakonza. Ayi ndithu, ine ndinapanga ndekha pa windo la kuchipinda ndipo akuyenda bhobho. Ndinatenga kamota ka 28BYJ-48 ka mavoti 5, kabodi ka ULN2003 koyendetsera motayo ndi ESP8266, kakompyuta kakang'ono kolumikiza pa WiFi, kenako pa Home Assistant, pulogalamu yoyendetsera zipangizo za m'nyumba, ndinatchera zoti 6 koloko m'mawa katani izikwera yokha.

Koma kamota aka mphamvu nzochepa, ulendo woyamba ndinakamangirira pa katani yolemera kanangoti njenjenje nkumatentha osakoka olo pang'ono, mpaka ndinaika nsalu yopepuka. China chomwe ambiri sachiganizira nchoti mota yamtunduwu imazungulira mwa timasitepe tomwe ESP imangowerenga, siidziwa pomwe katani yafika, ndiye magetsi akathima ESP ija imaiwala zonse nkumakoka mopyola. Ine chingwe cha timikanda chokokera katani chinaduka kawiri ndisanazindikire, zinandiwawa kwabasi. Chonde ikani kaswichi pamwamba kuti katani ikangogunda mota iziima pompo, komanso motayo muipatse chaja yakeyake osaidyetsa kudzera pa ESP.

Owerenga wanu wokonda zamawaya