Kalata kwa Tadala: za Robert Reiner ndi apolisi a pa kanema

London

Wokondedwa Tadala,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti kuzizira kwafika pobaya m'mafupa, ndipo ikamati 4 koloko masana kunja kwada kale.

Uthenga wako uja ndinaumvetsera katatu. Unati m'mawa uliwonse umaimbira mneneri wa apolisi, iye n'kukuwerengera amene anjatidwa usiku, iwe n'kulemba, n'kukawulutsa pa nkhani za masana, ndipo mtima wako sukukhazikika nazo. Pa foni sindikanatha kukuyankha mokwanira. N'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndikuuze za bambo wina dzina lake Robert Reiner, amene zolemba zake ndakhala ndikuziwerenga teremu yonseyi.

Bamboyu ndi pulofesa wopuma wa maphunziro a za umbanda ku London School of Economics. Digiri yoyamba anachita ya zachuma ku Cambridge, kenako anatembenukira ku maphunziro a kakhalidwe ka anthu, ndipo digiri ya udokotala anakaipeza ku Bristol. Anaphunzitsako ku Bristol komweko ndi ku Brunel asanakhazikike ku London School of Economics. Chimene chinandigwira mtima ndi mutu umene anayambira. Kuno apolisi saloledwa kunyanyala ntchito kuchokera mu 1919, m'malo mwake ali ndi bungwe lowayankhulira lotchedwa Police Federation. Reiner anapita kukacheza ndi apolisi wamba, kuwafunsa za malipiro, za mabwana awo, za mmene amaionera ntchito yawo. Buku lake la mu 1978 analitcha The Blue-Coated Worker, kunena kuti wapolisi ndi wantchito ngati wina aliyense, kungoti wavala yunifolomu ya buluu.

Nditafika pamenepo ndinatseka buku, maganizo ali ku laini ya apolisi kumene tinakulira. Ukukumbukira bambo anga akuweruka ku shifiti ya usiku, akuvula majombo pakhonde, amayi akuwapatsa madzi ofunda m'beseni? Ife tinkawazungulira kuti atiuze za mbava zimene agwira. Iwo ankangoti, "Kunalibe mbava lero." Usiku wonse anali atathera pa banja lina limene linamenyana chifukwa cha ndalama ya ndiwo, pa chidakwa chogona pamsewu, pa mwana wosochera amene anamufunditsa jekete lawo mpaka mayi ake atabwera m'mbandakucha. Ife tinkakhumudwa, poganiza kuti bambo anga akutibisira za ntchito yeniyeni. Chonsecho ntchito yeniyeni inali yomweyo. Reiner, pamodzi ndi ena amene anafufuza izi, amanena momveka kuti nthawi yambiri ya wapolisi imathera pokhazikitsa bata ndi kuthandiza anthu amene asowa kolowera, ndipo kuthamangitsa zigawenga ndi kagawo kochepa chabe.

Buku limene linamutchukitsa ndi The Politics of the Police, la mu 1985. Linatuluka dziko lino lili pa moto. Mu Epulo 1981 achinyamata, ambiri mwa iwo akuda, analimbana ndi apolisi ku Brixton, dera lina la mu London muno, atatopa ndi kuimitsidwa ndi kusechedwa mumsewu, ndipo woweruza milandu wamkulu wina, Lord Scarman, anatumidwa kukafufuza chimene chinayambitsa. Mu 1984 ndi 1985 ogwira ntchito m'migodi ya malasha ananyanyala pafupifupi chaka chathunthu, ndipo anthu anaona pa wailesi ya kanema apolisi okwera pa akavalo akuwathamangitsa pa malo ena otchedwa Orgreave. Ena ankati apolisi ndi angelo, ena ankati ndi agalu a boma. Reiner sanalowe mbali iliyonse. Anafotokoza mmene ntchitoyo imaumbira munthu: kukayikira aliyense, kuphimbirana zolakwa, kudziona ngati uli wekha pakati pa anthu osakuyamika. Anasonyezanso kuti dzanja la apolisi limalemera kwambiri pa anthu osauka, amene moyo wawo umathera pamsewu poonekera. Bukuli walikonzanso kangapo, ndipo ulendo wachisanu, mu 2019, analilemba ndi Benjamin Bowling ndi James Sheptycki. Pakatipo, mu 1991, anatulutsanso lina atacheza ndi pafupifupi akuluakulu onse a nthambi 43 za apolisi ku England ndi Wales. Taona, anayambira kwa konsitebulo mpaka kukafika kwa mabwana.

Tsopano ndifike pa zimene zikukukhudza iwe. Reiner anafunsa kuti: ngati anthu ambiri sakumana ndi apolisi kawirikawiri, nanga zimene amadziwa za iwo amazitenga kuti? Amazitenga pa kanema ndi m'nyuzipepala. Kuno kunali sewero la BBC lotchedwa Dixon of Dock Green, limene linayenda kuchokera mu 1955 mpaka 1976. Wapolisi wake anali bambo wofatsa, wodziwa aliyense m'dera lake, wopatsa moni owonera sewero lisanayambe. Munthu ameneyu sanakhalepo, koma mpaka lero andale akafuna kulonjeza chitetezo amatchula iyeyo. Pambuyo pake kunabwera masewero a apolisi aukali, othyola zitseko ndi kuswa malamulo kuti agwire chigawenga. Reiner anatenga masewerowa ngati chinthu choyenera kufufuzidwa mozama, pomwe ena akanati ndi zongotayitsa nthawi.

Ndi anzake awiri, Sonia Livingstone ndi Jessica Allen, anasanthula nkhani za umbanda m'nyuzipepala ndi m'mafilimu kuchokera mu 1945. Zimene kafukufuku wa mtunduwu amapeza sizisintha kwenikweni. Milandu yochuluka m'mabuku a apolisi ndi ya kuba katundu, koma yodzaza m'nkhani ndi ya kupha ndi chiwawa. Pa kanema wapolisi amagwira wolakwa pafupifupi nthawi zonse, pomwe kunja kuno milandu yambiri ya kuba imangothera m'mafayilo. Zotsatira zake anthu amakhala ndi mantha a zinthu zosachitikachitika, n'kumakhulupirira kuti mankhwala a umbanda ndi kuchulukitsa apolisi ndi kuwapatsa mphamvu zambiri. Reiner amatsutsa zimenezi. Iye amati chimene chimachepetsa umbanda kwenikweni ndi ntchito, sukulu, mabanja olimba ndi kuchepa kwa kusiyana pakati pa olemera ndi osauka, ndipo apolisi amangofika zinthu zitawonongeka kale. Ine ndikugwirizana naye ndi mtima wonse. Timasenzetsa anthu ngati bambo anga katundu amene sangamuthe, kenako n'kumawanyoza akalephera.

Sabata yatha ndinadutsa pafupi ndi Bank of England, pamene Ian Tomlinson anagwera n'kumwalira pa 1 Epulo 2009. Anali bambo wa zaka 47 wogulitsa nyuzipepala, akubwerera kumene ankagona pa tsiku la zionetsero za msonkhano wa G20, wa atsogoleri a mayiko akuluakulu pa chuma. Uthenga woyamba wa apolisi unati anthu ankawagenda pamene ankayesetsa kumuthandiza, ndipo nyuzipepala zambiri zinalemba momwemo. Patapita masiku asanu ndi limodzi nyuzipepala ya The Guardian inatulutsa vidiyo yojambulidwa ndi mlendo wina wochokera ku America. Inaonetsa Tomlinson akuyenda manja ali m'matumba, wapolisi akumumenya ndi ndodo chakumbuyo n'kumukankhira pansi. Mu 2011 bwalo lofufuza za imfa linati anaphedwa mosatsata lamulo. Wapolisiyo khoti linamupeza wosalakwa pa mlandu wopha munthu mu 2012, koma anachotsedwa ntchito. Ndinaima pamenepo kanthawi, anthu a masuti akundidutsa mothamanga, ndikuganiza za ana a bamboyo m'masiku amene dziko lonse linkadziwa mbali imodzi yokha.

Sindikunena kuti usiye kuimbira mneneri uja, Tadala. Nayenso ali pa ntchito, ndipo zambiri zimene amakuuza n'zoona. Koma akakuuza kuti anjata mnyamata, funsa kuti wakhala m'chitokosi masiku angati, popeza malamulo athu amati afike kukhoti pasanathe maola 48. Pa wailesi umutche woganiziridwa mpaka khoti litagamula. Tsiku la mlandu pita ukakhale pa benchi, chifukwa ambiri amene mayina awo amamveka pa tsiku lomangidwa, tsiku lomasulidwa palibe amawatchula. Ndipo tsiku lina upemphe kukhala pa kauntala ya polisi usiku umodzi, ulembe zimene zimafika pamenepo.

Ndajambula mutu umodzi wa Reiner wonena za ofalitsa nkhani, ndikutumizira pa WhatsApp Loweruka. Chingerezi chake n'cholimba pang'ono, ukawerenga undiimbire tikambirane. Ukapita kumudzi uwaone bambo anga, uwauze kuti nkhani ya mwana wa jekete uja ndinaifotokoza m'kalasi. Moni kwa alamu, ndipo ana uwauze kuti sindinaiwale nsapato zawo.

Ndine mnzako,
Chisomo