Za lilime lakolo, mwana wanga

Mwana wanga wokondedwa,

Chithunzi chija unanditumizira pa WhatsApp ndachiona, ndipo mawu ako akundiuza kuti usiku sunagone. Ndati ndichite kulemba kuti uwerenge mtima uli m'malo.

Lilime lakolo ndi langa lomwe. Zigamba zofiira zosalalazo, zokhala ndi mzere woyera wokhotakhota m'mphepete ngati malire a maboma pa mapu a kusukulu, ndakhala nazo kuyambira ndili namwali. Malemu agogo ako aakazi analinso nazo. Achipatala amazitcha geographic tongue chifukwa cha maonekedwe a mapuwo, ndipo pa anthu 100 alionse amapezeka mmodzi mpaka atatu amene ali nazo. Kawirikawiri zimakhala zakumtundu.

Chimachitika n'chakuti pamwamba pa lilime pali tinsonga ting'onoting'ono tambirimbiri. Tinsongati timathothoka pamalo amodzi, pamalopo n'kusalala ndi kufiira, kenako timameranso, kwina n'kuyamba kuthothoka. N'chifukwa chake chigamba chimene wachiona kumanzere Lolemba, sabata yamawa ukachipeza chasamukira kunsonga kapena chazimiririka. Si khansa, ndipo sizisanduka khansa. Sizipatsirananso. Kapu yako usaipatule, ndipo mwana umudyetse monga mwa masiku onse. Bambo ako ndadya nawo mbale imodzi zaka zonsezi, lilime lawo lili bwinobwino.

Ndikuuze cholakwa changa kuti iwe usachibwereze. Ndili ndi pakati pa iwe zigambazi zinachuluka, ena n'kumandinong'oneza kuti ndalodzedwa. Ndinatafuna mizu yowawa, ndinapala lilime ndi supuni mpaka magazi, masiku angapo nsima osaidya. Amene anandimasula ndi dokotala wa mano. Anangoyang'ana, n'kundiuza kuti chimene chikundipweteka ndi mabala amene ndadzipanga ndekha. Ndinalira panjira pobwerera, chifukwa miyezi yonseyo ndinkaopa kuti ndikusiya wakhanda.

Choncho usapale, ndipo usakagule makapisozi pagolosale, palibe kachilombo koti aphe. Likamanyereza kapena kuwotcha, yamba wasiya kambuzi umamukonda uja, chinanazi, mandimu, bwemba ndi malambe, ngakhalenso tiyi wotentha kwambiri. Ena mankhwala otsukira mano ndi amene amawaputa, ndiye ungayese kusintha mtundu. Ine zimandibwerera ndikakhala ndi nkhawa, ndipo ndikudziwa kuti kuntchito kwako miyezi ino sikukuyenda bwino.

Koma usadalire maso a mayi ako okha, poti ndangoona chithunzi. Pita kwa dokotala wa mano akakuone. Ndikudziwanso chimene ukuopa osachitchula. Zoyera za m'kamwa zimene zimagwira anthu ofooka chitetezo zimaoneka ngati chambiko, ukazipukuta zimachoka n'kusiya pofiira, ndipo n'zosiyana ndi zakozi. Ngati mtima ukukanabe kukhazikika, kayezetse HIV. Kuchipatala cha boma n'kwaulere, zotsatira umabwera nazo tsiku lomwelo. Ine ndinayezetsa, ndipo palibe chamanyazi. Chimene sindifuna kuti uzengereze nacho ndi chilonda kapena chotupa chokhala malo amodzi osasuntha, osapola, kupitirira masabata awiri. Chimenecho ndiye chothamangira nacho kuchipatala.

Bambo ako akupereka moni. Ufa ndi nyemba ndikutumizira Loweruka, koma tsabola ulendo uno ndamusunga. Ukabwerako kwa dokotala undiimbire, ngakhale kutada.

Ndine,
Mayi ako