Kiriketi yayambanitsa amuna anga ndi mwana wathu, ndithandizeni

Agogo,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Mchengautuwa kuno ku Mzuzu ndipo ndimagulitsa kaunjika ku Zigwagwa. Chonde ndithandizeni maganizo pa nkhani ya amuna anga ndi mwana wathu woyamba, mnyamata wa zaka 17 amene ali Folomu 4. Awiriwa akugona nyumba imodzi, akudya nsima ya mpoto umodzi koma sakuyankhulana, ndipo ndikawauza anzanga kumsika kuti chawayambanitsa ndi kiriketi sakhulupirira, poti kuno anthu amangodziwa za Maule, Manoma ndi Moyale basi. Koma ine mtima ukundiwawa, tulo sindikupeza.

Amuna anga anapita ku Joni mwanayu atangoyamba kumene kuyenda, anadzabwereratu iye ali Folomu 1. Sindingawanene zoipa ayi, ndalama ankatumiza, nyumba tikukhalayi ndi thukuta lawo. Kumeneko ankagwira ntchito ya m'gadeni kwa bwana wina wokonda kiriketi ndiye nthawi zina ankawatenga kukaonera ku bwalo la Wanderers ku Johannesburg. Analipo m'bwalomo mu Januwale 2015 tsiku limene AB de Villiers anamenya ma run 149 pa mipira 44 yokha posewera ndi West Indies, anyamata onse atavala za pinki, nkhani imeneyi amaifotokoza mpaka kuimirira kumasonyeza mmene munthuyo ankagwadira pomenya mpira. Kwa iwo timu ndi South Africa, amati ndi yathu ya mu Africa muno, munthu wakuda wozindikira sangasapote kwina.

Mwanayu anayamba kuonera kiriketi pa foni yanga ali wamng'ono, ankafuna kuti bambo ake akaimba pa WhatsApp akhale ndi choti azicheza nawo. Ndiye poonaona tizidutswa ta masewero timeneti maso ake anagwera pa Virat Kohli wa ku India, basi mpaka lero. Agogo, si kusapota wamba kumene akuchita mwanayu. Kuchipinda kwake khoma lonse ndi zithunzi za munthu ameneyu, m'makope a sukulu walemba 18 paliponse poti ndi nambala ya jezi yake. Anasema yekha bati kuchokera ku thabwa la paini lotsala kwa kalipentala, chogwirira anakulunga ndi mphira wa chubu cha njinga, mpira wake ndi wa tenisi wokulungidwa selotepi, madzulo amamenya kukhoma la bafa akuyankhula yekha. M'khosi anamanga kamphete kachitsulo pa chingwe cha nsapato, akamenya bwino amakatulutsa n'kukapsopsona chifukwa akuti Kohli amatero ndi mphete yake ya ukwati. Munthu ukangonena kuti Kohli walephera lero, mwana nsima sadya.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi sukulu. Mpikisano wa IPL, wa matimu a ku India womwe Kohli amasewera, umakhalako kuyambira cha mu Malichi mpaka kumapeto kwa Meyi, masewero ambiri kuno amayamba 4 koloko masana, nthawi yomwe anzake ali ku patitayimu, ndipo amatha kutada. Nyengo yake ndi yomweyo yokonzekera mayeso. Mwana amene ankakhala nambala yabwino pano masamu ndi fizikisi akungogwa, koma mufunseni za ma century 50 a Kohli (century ndi ma run 100 pa masewero amodzi) omwe anapitirira nawo 49 a Sachin Tendulkar mu 2023, akuuzani mpaka bwalo lake ku Mumbai ndi timu ya New Zealand yomwe ankasewera nayo.

Moto weniweni unabuka Loweruka pa 29 Juni 2024, fainolo ya T20 World Cup, India ndi South Africa ku Barbados. Kunja kunali kachimvula kathu ka Juni kaja, kuzizira kolowa m'mafupa. Amuna anga anaitana anzawo omwe anali nawo ku Joni, anandiuza ndiphe nkhuku, pabalaza panadzaza. Kohli anamenya 76, mwana ali phee pakona wangogwira kamphete kake. Kenako Klaasen wa South Africa anayamba kumenya mipira kutuluka kunja, kunatsala ma run 30 pa mipira 30, amuna anga anayamba kuvina kumati lero Africa yatenga chikho. Mwadzidzidzi zinthu zinatembenuka, South Africa inaluza ndi ma run 7. Mwana anadumpha mpaka pampando kukuwa dzina la Kohli misozi ili chuchuchu, alendo onse akuona. Bambo ake anamufunsa mokweza kuti, "Kodi iwe ndiwe wa mu Africa muno kapena ndiwe mmwenye?" Iye anayankha kuti, "Africa wake uti adadi, yemwe uja anakuthamangitsani mu 2015 mpaka munabisala mu galaja ya abwana anu?"

Agogo, nkhani ya zipolowe zothamangitsa alendo zija amuna anga safuna n'komwe kuikumbuka, anaona zinthu zoopsa, anzawo ena anabwera pa mabasi opanda ngakhale chikwama. Mwana kuitulutsa pamaso pa alendo kunali kuwavula. Alendo anatsazika mmodzimmodzi nkhuku isanathe. Ndinamukakamiza kupepesa, anagwada anapepesa, koma zinali za pakamwa chabe, kuyambira pomwepo kucheza kwawo kunangokhala moni wa m'mawa.

Mu Juni 2025 aliyense anapeza chikondwerero chake koma palibe anamuyamikira mnzake. Pa 3 Juni timu ya Kohli ya Royal Challengers Bengaluru inatenga chikho cha IPL koyamba chiyambireni mpikisanowu mu 2008, mwana analira ngati pamaliro. Mawa lake anthu 11 anafa popondana kunja kwa bwalo la Chinnaswamy ku Bengaluru pofuna kukaona osewerawo, ndinamukhazika pansi n'kumuuza kuti taona komwe kupembedza munthu kumafikitsa, ena mwa omwalirawo ndi ana a msinkhu wako, iye anangoti akanakhala komweko nayenso akanapita. Mawu amenewa anandiopsa zedi. Pasanathe masabata awiri South Africa inagonjetsa Australia ku bwalo la Lord's ku London n'kutenga chikho cha ma Test (masewero a masiku asanu), kaputeni wake Temba Bavuma, munthu wakuda, amuna anga anagula zakumwa za nyumba yonse mpaka aneba, mwana anadzitsekera kuchipinda.

Mwezi wathawu zafika poipa. Tinamupatsa ndalama ya patitayimu, iye anakaipereka kwa mnyamata wina wa ku Taifa Market amene amaoda katundu ku Dar kuti amubweretsere jezi yofiira yolembedwa VIRAT 18. Aphunzitsi ataimba foni kuti mwana sakubwera, bambo ake analowa kuchipinda, anaitenga jeziyo n'kuiponya pa mbaula pomwe ndinali nditangophula nyemba. Nsalu zake zija ndi za pulasitiki, inangofota n'kumata pamakala, fungo lake nyumba yonse. Mwana sanalire, sanatukwane, anangoima n'kumayang'ana. Kuchokera tsiku limenelo ngakhale moni uja anasiya, bambo ake akalowa iye amatuluka, chakudya amadyera kukhitchini. Kuba ndalama analakwa ndithu ndipo ine sindikumuikira kumbuyo, koma kuwotcha kuja nakonso sindinagwirizane nako.

Tsopano chomwe chandipangitsa kukulemberani ndi ichi. Usiku wina ndikutsuka mbale anabwera kudzakhala pafupi n'kuyamba kundifotokozera kuti Kohli bambo ake anamwalira mu Disembala 2006 iye ali ndi zaka 18, ndipo kutacha anapitabe kukasewerera timu ya Delhi, anamenya 90 kenako n'kupita kumaliro. Akufotokoza mawu ankanjenjemera, kenako anati, "Amama, munthu ameneyu anadzilimbitsa yekha popanda bambo, ngati ine." Ndinamuuza kuti iwe bambo ako alipo, ali pabalazapo, anandiyankha kuti nthawi yomwe ankawafuna kunalibe. Sanadziwe kuti bambo akewo anali pakhonde akumva zonse. Usiku umenewo amuna anga anatembenukira kukhoma, ndinamva akusisima, mwamuna woti chikwatiraneni sindinamuonepo akulira.

Ine mmene ndikuonera nkhani si India kapena South Africa ayi. Mwanayu malo omwe akanaikapo bambo ake anaikapo mlendo wa pa TV yemwe sadziwa n'komwe kuti kuli Mzuzu, ndipo bambo ake zikuwapweteka koma pakamwa amangoti Africa Africa. Chondimvetsa chisoni n'choti anthu awiri omwe akuwalimbiranawo ndi mabwenzi a ponda apa nane mpondepo, de Villiers ndi Kohli anasewerera limodzi timu ya Bengaluru yomweyo zaka zambiri, tsiku la chikho lija anakumbatirana pabwalo dziko lonse likuona. Komanso onse awiri akamakangana za kukonda dziko lako, palibe amatchulako timu yathu ya Malawi, yomwe inagonjetsa Mozambique mu Kwacha Cup ya 2019 ndipo mu 2025 inali ku Harare kulimbirana malo a ku World Cup. Nditawakumbutsa zimenezi amuna anga anangoti ndi ana amenewo, mwana naye anangokweza mapewa.

Ndiye ndipange bwanji Agogo? Alamu anga akuti timulande foni ndi kudula dekoda mpaka alembe MSCE, koma ndikuopa kuti tikatero timutaya, pano watsala ndi ine ndekha womuyankhula. Achemwali anga a ku Blantyre akuti holide ikubwerayi apite kwawo akaone komwe anyamata a timu yathu amachitira tireni, mwina aone kuti kiriketi ndi ntchito ya thukuta yomwe Amalawi anzake akuigwira, koma amuna anga akuti kumeneko n'kumulipira chifukwa cha mwano. Ndaganizapo zoitana ankhoswe kapena akulu ampingo, koma amuna anga sakonda kuti za m'nyumba zituluke, makamaka nkhani ya 2015 ija. Kodi ndiyambe ndi ndani, bambo kapena mwana? Nanga ndiwauze amuna anga kuti ndinawamva akulira usiku uja, kapena ndikhale ngati sindinamve? Mayeso ayandikira ndipo azing'ono ake awiri ayamba kufunsa chifukwa chomwe achimwene awo sadyeranso pathebulo.

Mayi wodandaula,
Mchengautuwa, Mzuzu