Onga wakale wa m'mathiranki a malemu si chuma chogawana

Akonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi abale anga a kuno ku Harare, makamaka ife ana ndi zidzukulu za matchona amene adabwera kuchokera ku Malawi ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi ya dziko lino. Nkhani yanga ndi ya onga wa mfuti wakale, umene ukumapezeka m'katundu wa makolo athu akatisiya, ndipo anthu ena ayamba kuusakasaka kuti aziugula n'kumadzazira zipolopolo zawo.

Mwezi wathawu tidaika mlamu wanga m'manda ku Mbudzi, ndipo patapita masiku tidakumana kunyumba yake ku Mufakose kuti tigawe katundu monga mwa mwambo. Kunsi kwa bedi kudatuluka thiranki yachitsulo imene idali ya bambo ake, amene adali khukhi wa mzungu wina pafamu ya kufupi ndi Banket mpaka pamene mafamu adayamba kulandidwa m'chaka cha 2000. M'thirankimo mudali jekete la suti, chitupa chakale, zithunzi zofwifwa, ndi zitini zitatu zokulungidwa m'thumba la feteleza. Ziwiri zidali ndi zolemba zachingerezi zosaoneka bwino, pamene chachitatu chidali chitini wamba cha masamba a tiyi, chopanda chizindikiro chilichonse cha zimene zidali m'katimo. Mphwanga wina, mnyamata wochangamuka pa nkhani za geni, adazijambula pafoni tisanathe n'kukambirana komwe, ndipo dzuwa lisanalowe adali atapeza kale munthu wofuna kuzigula ndi madola a ku America.

Ndidakaniza, ndipo ndikufuna kufotokoza chifukwa chake poyera, popeza ndikukhulupirira kuti mathiranki otere alipo ambiri ku Mbare, ku Highfield, ku Mabvuku ndi ku Epworth. Ndidagwira ntchito zaka 19 m'shopu ina yokonza mfuti m'tauni muno. Ndidayamba ndi kusesa, kenako kutsuka mipope ya mfuti, ndipo pamapeto pake abwana ankandikhulupirira mpaka kumandipatsa sikelo kuti ndiziwayezera onga akamadzaza zipolopolo zawo zokasakira nyama.

Kudzaza zipolopolo pakokha sindikutsutsa ayi. Chigoba chamkuwa chimene chimatsala mfuti ikaombedwa chimatha kugwiranso ntchito kangapo, ndipo alenje ndi anthu ochita masewero owombera chandamale, amene ali ndi ziphaso zawo, amazitolera n'kuzidzazanso, ena pofuna kupulumutsa ndalama, ena chifukwa mfuti zawo n'zamakedzana ndipo zipolopolo zake sizipezekanso m'mashopu. Ndikumvetsanso chimene chikuwachititsa kuyang'ana m'mathiranki a anthu akufa. Onga wambiri umene anthu a chigawo chino ankadzazira unali wa kampani ya Somchem, wochokera ku South Africa, ndipo fakitale youpanga ya kufupi ndi Somerset West itaphulika pa 3 Sepitembala 2018 n'kupha anthu asanu ndi atatu, ongawo udayamba kusowa. Wochokera kutsidya kwa nyanja ndi wokwera mtengo, choncho munthu akamva kuti kwinakwake kuli chitini cha m'zaka za m'ma 1970, mtima umakhala dyokodyoko.

Chimene ambiri a ife sitidziwa n'chakuti onga ulipo wa mitundu iwiri, ndipo mitunduyi imakalamba mosiyana. Woyamba ndi onga wakuda, uja agogo athu ankatsira m'mfuti za gogodela kumudzi, wosakaniza makala, sulufule ndi mchere wina wotchedwa saltpetre, umene umatulutsa chiutsi choyera mfuti ikalira. Wachiwiri ndi onga wopanda utsi, umene adaupanga koyamba katswiri wa ku France, Paul Vieille, m'chaka cha 1884, ndipo Angerezi adatsatira mu 1889 ndi wawo wotchedwa cordite, wooneka ngati timitsitsi ta chingwe, umene udadzaza zipolopolo za mfuti za .303 zimene asilikali athu a King's African Rifles ankanyamula. Pafupifupi zipolopolo zonse za masiku ano zimadzazidwa ndi mtundu wachiwiriwu.

Onga wopanda utsi umaola, ngakhale kuti sunyowa kapena kuchita nkhungu monga ufa. Umapangidwa kuchokera ku thonje kapena ulusi wa mitengo wothiridwa asidi, ndipo kuyambira tsiku limene wapangidwa umayamba kusungunuka pang'onopang'ono m'kati mwake, n'kumatulutsa mpweya wa asidi umene umafulumizitsa kuolako. Pofuna kuchedwetsa zimenezi, opanga amathiramo mankhwala ena, monga diphenylamine, amene amameza mpweya woipawo. Koma mankhwalawo amatha ngati mmene sopo amathera pochapa, ndipo kutentha kukachuluka amatha msanga. Akatha, onga umayamba kudzitenthetsa wokha, mpaka ukhoza kuyaka popanda munthu kuuyandikira ndi machesi. Asilikali a pamadzi a ku France adaphunzira zimenezi ndi misozi: sitima yawo yankhondo yotchedwa Iéna idaphulika ili padoko la Toulon mu Malichi 1907 n'kupha anthu oposa 100, ndipo mu Sepitembala 1911 inzake yotchedwa Liberté idaphulika padoko lomwelo n'kupha oposa 200, ndipo m'ngozi ziwiri zonsezi mlandu udagwera onga wokalamba. Ngati zidakanika boma lokhala ndi akatswiri ndi nkhokwe zomangidwira ntchito imeneyi, kuli bwanji thiranki imene yakhala zaka zoposa makumi awiri m'kachipinda kofolera ndi malata, ikuwotchedwa ndi dzuwa la mu Okutobala chaka ndi chaka?

Ndidatulutsa zitini zija kuseri kwa nyumba, kutali ndi moto umene amayi ankaphikira anthu. Choyamba sindidachite kutsegula n'komwe, chifukwa chivindikiro chidali chitatukumuka, ndipo m'mphepete mwake mudali dzimbiri lotuluka kuchokera m'kati, pamene kunja utoto udakali bwinobwino. Nditasendeza mphuno, fungo lake lidandilasa ngati la asidi wa m'batire ya galimoto, ndipo pathumba la feteleza lija padali fumbi lofiirira ngati la njerwa. Onga wabwino umanunkhira mofanana ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, osati kuwawa m'mphuno chotero. Ndikuvomereza kuti dzanja langa lidanjenjemera pochiika pansi.

Chitini chachiwiri ndicho chidautsa mkangano, chifukwa chinkaoneka chabwino, ndipo wogula uja ankalimbikira pafoni kuti onga wosungidwa bwino umakhala zaka makumi ambiri. Pamenepo sadaname, ndipo ineyo ndidaonapo zipolopolo za nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse zikulira ngati zatsopano. Koma ndani mwa ife angalumbire kuti chitinicho chidasungidwa pozizira? Ndipo ndani angalumbire kuti zimene zalembedwa kunja ndizo zili m'kati? M'shopu muja ndidaona alimi ambiri akubwera ndi onga wotsala wa mitundu iwiri kapena itatu, ataukhuthulira m'chitini chimodzi kuti pashelefu pachepe zinthu. Onga wa pisitolo ndi wa mfuti zowombera mbalame umayaka mofulumira kwambiri kuposa wa mfuti zazikulu zosakira nyama, koma pamaso ungathe kufanana, moti ngakhale abwana anga, amene adakulira m'ntchito imeneyi, ankakana kuutchula dzina pongouona. Odzaza zipolopolo amayeza onga ndi muyezo wotchedwa grain, ndipo ma grain 7,000 ndiwo amakwana paundi imodzi, kusonyeza kuti ntchitoyi ndi ya timiyezo ting'onoting'ono kwambiri. M'kati mwa mfuti ya .303 ikamalira mumakhala mphamvu yoposa ka 1,000 mphamvu ya mpweya wa m'tayala la galimoto, ndipo zonsezi zimachitikira pafupi ndi tsaya la munthu. Tsiku lina adatibweretsera mfuti imene mpope wake udang'ambika ngati nthochi yosenda, mwini wake atadzazira onga wa m'chitini chimene adapatsidwa ndi mnzake, ndipo adabwera nayo ndi mwana wake, chifukwa iye adali kuchipatala akumusoka dzanja. Akulu adati safunsa adadya phula, koma pano vuto n'lakuti woti n'kumufunsa, amene adadzaza chitinicho, adagona kalekale.

Za chitini cha tiyi chija ndingonena mwachidule. Njere zake zakuda zonyezimira zidandionetsa ngati onga wa gogodela, ndipo umenewu suola ukakhala pouma, koma m'menemo ndimo muli kuopsa kwake, popeza umadikira kambaliwali kamodzi kokha ngakhale patapita zaka zana. M'chaka cha 2008, ku Virginia m'dziko la America, munthu wina wosonkhanitsa zinthu zamakedzana adafa chitamuphulikira chipolopolo cha mzinga cha nkhondo ya 1861 mpaka 1865. Taganizani tsono za nyumba zathu zino, mmene magetsi akathima timayatsa kandulo n'kuiika pa thiranki yomweyo, ana akusewera pambali.

Palinso lamulo. Dziko lino lili ndi lamulo la mfuti, Firearms Act, Chapter 10:09, komanso lamulo la zinthu zophulika, Explosives Act, Chapter 10:08, ndipo zida zotere si zoti munthu wopanda chiphaso n'kumasunga kapena kugulitsa ngati matimati. Mphwanga uja sadaganizepo kuti munthu wogula onga kumaliro, mopanda pepala lililonse, sitikudziwa kumene akupita nawo, ndipo tsiku limene zidzavute, dzina limene lidzapezeke pafoni ndi lake.

Komabe sindikufuna kuti ndingodzudzula abale anga, chifukwa chimene chimawachititsa kubisa zinthuzi ndi mantha, ndipo manthawo ali ndi gwero lake. Ambiri a ife takhala zaka tikuvutika ndi nkhani ya zitupa ndi unzika, tikutchedwa alendo m'dziko limene tidabadwiramo, kotero kuti mayi wamasiye wa ku Tafara akapeza chitini chotere amaona kuti n'kwabwino kuchiponya m'chimbudzi kapena kudzala kusiyana ndi kukaonekera nacho kupolisi. Kudzalako n'kumene timatentha zinyalala, ndipo n'kumenenso ana amatola zitini zoseweretsa. Boma lidapereka chikhululukiro mu Ogasiti ndi Sepitembala 2022 kuti anthu akapereke mfuti zopanda ziphaso osaimbidwa mlandu, ndipo chidali chinthu chabwino, koma m'makwalala athu uthengawo udamveka ngati wa eni mfuti okha. Ndikupempha akuluakulu apolisi kuti anene momveka, pawailesi ndi m'manyuzipepala, m'Chishona, m'Chindebele ndi m'Chichewa chomwe, chimene malamulo a dziko lino a 2013 amachivomereza, kuti munthu wopeza onga kapena zipolopolo m'katundu wa malemu aziyamba wachita chiyani. Ndikupemphanso akulu a mipingo ndi a masosayeti athu a maliro, amene amakhala patsogolo pogawa katundu, kuti akaona chitini chachilendo m'thiranki asachigwedeze, asachitsegule, ndipo asalole kuti wina akwere nacho kombi, koma achisiye pamthunzi kutali ndi moto n'kuitana apolisi kuti adzachitenge okha.

Ife tidatero. Ine ndi mkulu wa sosayeti yathu tidapita kupolisi ya kufupi, tidafotokoza mbiri ya thirankiyo, ndipo tsiku lotsatira adabwera anthu odziwa ntchito yawo n'kunyamula zitini zitatu zonse, atatilembetsa mayina ndi kutifunsa mafunso angapo. Palibe amene adagona m'chitokosi. Thirankiyo pamodzi ndi jekete la suti lija tidapatsa mphwanga yemwe uja, amene mpaka lero amandipatsa moni wa pakamwa pokha, akuti amalume adamudyera madola ake.

Ine wowerenga wanu,
Mwana wa tchona,
Mufakose, Harare