Mavidiyo anga mwawadetsa, wantchito wanu n'kundinyoza

Inu eni webusaiti yomwe ndimaikapo maphunziro anga a masamu, ndabwera poyera chifukwa ku inbox simukundiyankha.

Sabata yatha, kaya linali Lachiwiri kaya Lachitatu, ndinaika mavidiyo 38. Tizithunzi tija timaoneka munthu asanadine vidiyo, ma thumbnail, 31 tatuluka takuda bii, 7 tagona cham'mbali. Mwana wasukulu angadziwe bwanji kuti phunziro la ma fraction ndi liti, zonse zikuoneka ngati TV yozima?

Koma chomwe chandiwawa kwambiri ndi wantchito wanu wa pa chat. Ndinamulonjera, ndinamufotokozera mwaulemu, ndinamutumizira ma screenshot. Iye anangoti vuto ndi foni yanga, ndikaphunzire kujambula, n'kutseka chat ndili mkati molemba. Anzanga mukuwerenganu, munthu wolipira mwezi ndi mwezi amayankhidwa chonchi? Ndinayesabe ndithu, ndinafufuta mavidiyo onse n'kuikanso, 6 GB ya data kupita pachabe kachiwiri, usiku wonse ndili maso. Zotsatira zake zomwezo.

Foni yanga ilibe mlandu. Mavidiyo anga amayamba ndi mdima wa sekondi imodzi bolodi lisanaoneke, ndipo makina anu akudula frame (kachithunzi kamodzi mwa tambirimbiri topanga vidiyo) yoyamba yeniyeni, ya pa sekondi 0. FFmpeg, pulogalamu yaulere yomwe ambiri amadulira tizithunziti, imalola kudumpha masekondi angapo polemba lamulo loti -ss, ilinso ndi filter yotchedwa thumbnail yomwe imayang'ana ma frame 100 n'kusankha yoimira bwino vidiyoyo. Ogona cham'mbali aja ndinajambula foni itaimirira. Foni imalemba mkati mwa fayilo kuti chithunzi chitembenuzidwe madigiri 90, makina anu sakuwerenga zimenezo. YouTube imakupatsa tizithunzi titatu kuti usankhe wekha. Inu ngakhale batani loika changa mulibe.

Ndalama ya mwezi uno munadula yonse pa tsiku lake, simunachedwe ngakhale ola limodzi. Ndiye ndimvereni. Ndikufuna ma thumbnail onse 38 adulidwenso inuyo, ine osaikanso kanthu, ndipo wantchito uja apepese. Likafika Lachisanu zili chomwechi, ndikauza banki yanga ibweze ndalamayo, ndichotsa maphunziro anga onse, ndipo chat ija ndiiika pano kuti aphunzitsi anzanga omwe ndinawakokera kwa inu awerenge okha.