Ukapite ku Vesak, ndipo ukadye

Tiyamike mwana wanga,

Uthenga wako wa pa WhatsApp ndaumvetsera kawiri, ndipo ndaona kuti yankho la pafoni lichepa, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe. Kuno tadzuka bwino. Mwendo wa amayi ako wayamba kupepuka, chimanga talowetsa m'nyumba, ndipo chiperoni chayamba kale kutsika m'phiri la Mulanje.

Wati mayi amene ukukhala m'nyumba mwawo ku Kandy, m'dziko la Sri Lanka, akukuitana kuti ukaone nawo Vesak, chikondwerero cha Abuda, ndipo mtima ukukugunda poti ndiwe mwana wa mkulu wa mpingo. Pita, mwana wanga. Koma ndikufuna upite wodziwa, osati mmene ndinapitira ine.

Nkhani ya ulendo wanga wa ku Sri Lanka umaidziwa theka. Mu 1994 kuntchito anatitumiza anthu atatu kukaona kakonzedwe ka tiyi kumapiri a Nuwara Eliya, mpaka chisankho cha pa 17 May chinandipita ndili komweko. Patatha sabata, dalaivala wathu anati titsikire ku Kandy tikaone mwezi wa Vesak. Nthawi imeneyo dzikolo linali pankhondo, asilikali ali mbwee m'misewu. Ndiye kutada, anyamata ena atatiimitsa akukupiza mbendera, mtima wanga unapita kutali. Anatitsitsa, kutikhazika pabenchi, kutipatsa mpunga wotentha ndi ndiwo za mphodza zothira tsabola woti misozi mbwembwembwe. Nditadya ndinapisa m'thumba kutulutsa ndalama. Gogo wina amene ankagawa chakudyacho anabweza manja kumbuyo ngati ndamupatsa khala lamoto, ndipo nkhope yake sindinaiiwale mpaka lero. Ine ndinkaganiza kuti ndikusonyeza ulemu, chonsecho ndinali kumutukwana.

Dalaivala ndiye anandimasulira m'galimoto. Malo amenewo amawatcha dansala. Anthu a m'dera amasonkha ndalama kwa milungu, kuphika usiku wonse, kenaka kuima pamsewu kupempha odutsa kuti adye. Kwa iwo wodya ndiye wachita chifundo, chifukwa wapatsa mnzake mpata woti apereke, ndipo kupereka ndi ntchito yabwino imene amakhulupirira kuti imamutsata munthu. Safunsa mpingo, safunsa mtundu. Kwathu timati kupatsa n'kuika, koma ife poika timayembekeza kuti amene tam'patsayo adzatikumbukira. Awo amapatsa munthu wodutsa amene sadzamuonanso.

Tsono tsikulo tanthauzo lake n'chiyani? Vesak imagwa mwezi ukakhala wathunthu, kawirikawiri mu May, ndipo Abuda a ku Sri Lanka amakumbukira zinthu zitatu pa tsiku limodzi: kubadwa kwa Siddhartha Gautama ku Lumbini, komwe lero ndi ku Nepal, kutseguka maso kwake atakhala pansi pa mtengo ku Bodh Gaya, ndi kumwalira kwake ku Kushinagar ali ndi zaka 80. Taganiza, chikondwerero cha kubadwa ndi maliro pa mphasa imodzi. Ife Khirisimasi ndi Lachisanu Loyera tinazitalikitsa ndi miyezi. Iwo anaziphatikiza, ndipo zikugwirizana ndi chiphunzitso chawo choti chilichonse chobadwa chimatha.

Mwambo wawo umati Gautama anali mwana wa mfumu, ndipo bambo ake anamutsekera m'chisangalalo kuti asaone mavuto. Atatuluka anaona nkhalamba, wodwala, mtembo, ndi munthu wosiya zonse kufunafuna choonadi. Ali ndi zaka 29 anachoka panyumba usiku, kusiya mkazi wake Yasodhara ndi khanda lawo Rahula. Kunena zoona, ine monga kholo gawo limeneli limandiwawabe, ndipo ndinakanganapo ndi dalaivala uja mpaka tinaseka. Gautama anadzizunza ndi njala zaka zingapo mpaka nthiti kuwerengeka, osapeza chimene ankafuna. Chimene chinam'dzutsa ndi mbale ya mpunga wophika ndi mkaka imene mayi wina dzina lake Sujata anam'patsa. Analandira, anadya, ndipo atapeza mphamvu ndi pamene anakhala pansi pa mtengo uja, ali ndi zaka 35, mpaka anatchedwa Buddha, kutanthauza wodzuka. Mfundoyi uisunge, ndibwererako.

Udzaona m'mawa anthu atavala zoyera akupita kukachisi. Amenewo akusunga malamulo asanu ndi atatu a tsikulo, amene amawatcha sil. Asanu ndi a masiku onse: osapha, osaba, osachita chiwerewere, osanama, osaledzera. Owonjezera ndi osadya dzuwa likapendeka, osavina kapena kudzikongoletsa, ndi osagona pabedi lapamwamba. Boma limatseka malo ogulitsira mowa ndi ophera nyama, choncho ngati ukufuna nkhuku ugule nthawi ilipo. Amanyamula maluwa kukaika patsogolo pa chifanizo cha Buddha, ndipo mawu amene amanena poika ndi akuti monga duwali lifota, thupi langanso lidzatero. Nditamva zimenezi ndinakumbukira Salimo 103, kuti masiku a munthu akunga udzu.

Usiku ndi nkhani ina. Khomo lililonse limapachika nyali za nsungwi ndi mapepala, zimene ana amakhala akumata kwa masiku. M'misika amaimika zikwangwani zazitali kuposa nyumba, zotchedwa thorana, zodzaza ndi mababu, zofotokoza nthano za moyo wakale wa Buddha. Mbendera ya mizere yabuluu, yachikasu, yofiira, yoyera ndi yaolenji imene udzaione paliponse inakonzedwa ku Colombo mu 1885, chaka chomwe Angerezi olamulira anavomera kuti Vesak ikhale tchuthi. Anthuwo anachita kuimenyera holide imeneyi pansi pa atsamunda omwewo amene anatilamulira ife. Bungwe la United Nations linadzavomereza tsiku la Vesak mu 1999.

Za chikhulupiriro chako usaope. Palibe amene adzakukakamize kugwada, ndipo iwe usagwade pamene mtima wako sukugwada, chifukwa chimenecho ndi chinyengo kwa Mulungu wako ndiponso kwa eni mwambo. Ima kumbuyo mwakachetechete monga amachitira Asilamu anzathu akabwera pamaliro a kumpingo kwathu. Vula nsapato pakhomo la kachisi, valira chitenje chofika kumapazi, mapewa ofunda. Usajambulitse utafulatira chifanizo cha Buddha, kumeneko n'kulakwa kwakukulu ndipo alendo ena anagwidwapo ndi apolisi pa zoterezi. Wansembe wa mkanjo wachikasu usam'patse dzanja. Ngati adzakutengere ku kachisi wa Dzino, komwe amati amasungako dzino la Buddha, pafupi ndi nyanja yaing'ono ija ya mumzinda, konzekera khamu loti phazi kusowa poponda. Usaganizenso kuti aliyense kumeneko ndi Mbuda: othyola tiyi amene ndinkagwira nawo kumapiri ambiri anali Atamil achihindu, ndipo Akhristu ndi Asilamu aliponso. Pakati pa mitunduyi pali zilonda za nkhondo imene inatha mu 2009, ndi za mabomba a pa Isitala mu 2019. Nkhani zimenezo uzimvetsera, usaziyambitse.

Tsopano ndibwerere pa mbale ya Sujata, chifukwa ndi pamene pagona kalatayi. Ndimakudziwa, Tiyamike. Uli ku sekondale unakhala sabata yathunthu wopanda sopo osauza munthu. Mng'ono wako wandiuza kuti mwezi wa February unadwala matenda a udzudzu wa kumeneko, mayi a nyumbawo akakubweretsera phala iwe n'kumati wadya kale. Khalidwe limeneli sunalitole kutali, ndi langa, ndi lomwe linanditulutsitsa ndalama pamaso pa gogo uja. Timalitcha ulemu kapena kusafuna kuvutitsa anthu, koma mkati mwake muli kunyada, kusafuna kukhala ndi ngongole kwa wina aliyense. Mayi amene akukuitanawo akhala akufunafuna khomo lolowera kwa iwe chibwerereni. Akakuimika pa dansala, khala pabenchi, tambasula manja onse awiri monga tinakuphunzitsira, chikwama chisatseguke. Akakuwonjezera, landiranso, tsabolayo upirire.

Ukatero unditumizire chithunzi cha nyali, makamaka zija zazikulu zokhala ndi tiana tozungulira m'mbali. Amayi ako sanakhulupirirepo kuti zimapangidwa ndi nsungwi, amati ndimakokomeza. Akuti ndikuuzenso kuti ufa wa mgaiwa wauma, tikungodikira munthu wodalirika wopita kumeneko. Mayi a nyumbawo uwapatse moni wathu, uwauze kuti bambo ako anadyapo mpunga wa kwawo ndipo ali nayobe ngongole.

Ndine bambo ako.