Mercury mu nsomba: vuto lili pa zikuluzikulu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndithirepo ndemanga pa mantha a anthu ena akuti nsomba za m'nyanja zamchere zili ndi poizoni wa mercury. Alimodi, koma kuchuluka kwake kumasiyana kwambiri.

Mercury akagwera m'madzi, mabakiteriya amamusandutsa methylmercury, mtundu wa mercury womwe umalowa mosavuta m'matupi a zamoyo. Nsomba yaikulu ikamadya zing'onozing'ono kwa zaka zambiri, poizoniyu amaunjikana m'mnofu mwake. N'chifukwa chake shaki, swordfish ndi marlin zili ndi wambiri, pomwe salmon ndi sardine zili ndi wochepa. Kuphika, kukazinga kapena kusenda chikopa sikumuchotsa, chifukwa amamatirira m'mnofu momwemo.

Akatswiri a mabungwe a padziko lonse a zaumoyo (WHO) ndi a zachakudya ndi ulimi (FAO) anaika malire a mamaikulogalamu (timagawo tating'onoting'ono ta galamu) 1.6 a methylmercury pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa sabata. Kwa mayi wolemera makilogalamu 60, amenewo ndi 96 basi, ndipo magalamu 100 a swordfish akhoza kumalizitsa malirewo tsiku limodzi. Wovutika kwenikweni ndi mwana wosabadwa, poti mercury amadutsa m'nsengwa n'kukasokoneza ubongo womwe ukukula.

Nanga selenium, mchere wofunika m'thupi umene ena amati umateteza ku mercury? Mercury amamugwira zolimba, n'kulepheretsa ntchito yake yoteteza ubongo. Nsomba zambiri za m'nyanja zamchere zili ndi selenium woposa mercury, ndipo zimenezi zikuoneka kuti zimathandiza. Koma musadalire zimenezi n'kumadya shaki, kapena kugula mapiritsi a selenium. Naye akachuluka amathothola tsitsi ndi kuononga zikhadabo.

Amayi oyembekezera asasiye nsomba. Bungwe la FDA, loona za chakudya ndi mankhwala ku America, limawalangiza kudya magalamu pafupifupi 230 mpaka 340 pa sabata a nsomba za mercury wochepa.

Ine wanu,
Wowerenga